Nyanga za m'Munda wa Mphesa

Kumtsetse, pafupi ndi Masambanjati,
Thyolo.
Seputembala, 1933.

Wokondedwa mng'ono wanga Goodson,

Landira moni wochokera kwanu. Ndikhulupirira uli bwino kumeneko ku Halale, ndiponso kuti dzanja lako lamanja lidakalipo, pakuti chichokere kuno silinagwirepo cholembera. Amalume a Lackson ali bwanji ndi chifuwa chawo chija? Kuno tilipo. Ine ndili bwino, achemwali a Esnat ali choncho, ababa miyendo ndi maso ndi momwe unawasiyira.

Tsopano khala pansi, pakuti ndili ndi chilengezo chachikulu. Chipewa chako cha khaki, chimene unachisiya pamsomali tsiku lija unathamangira sitima ku Khonjeni, chakwezedwa pantchito. Chinagwa pansi, nkhuku yamawanga ya achemwali inachiyendera, inakhutira nacho, ndipo yaikiramo mazira. Tinakhala upo wa banja n'kugwirizana kuti tisachichotse, chifukwa chigulidwireni sichinasungepo kanthu kaphindu ngati tsopano.

Nkhani inayo ndi yaing'ono. Ndi ya munda wathu wa mphesa.

Ndiyambe ndi kukukumbutsa, popeza ndimamva kuti madzi a m'mipope ya m'tauni amatsuka ndi m'mutu momwe. Ababa ndi malemu amayi anachoka kwa Apwitikizi wapansi, ine ndili kumsana, iwe usanaganiziridwe n'komwe. Anzawo ananyamula mbuzi ndi makasu. Ababa ananyamula timitengo ta mpesa, tokulunga m'makungwa onyowa a nthochi, tochokera m'munda wa ansembe kumene ankagwira ntchito. Mzungu wa esiteti ino anawalola kukhala pamtsetse uno chifukwa ndi wa miyala yoyera yokhayokha, pamene tiyi amafuna katondo. Iye ankayesa kuti wawaponyera fupa.

Pafupa pomwepo mpamene patuluka vinyo wathu, woyera, wowala ngati udzu wouma wa m'chilimwe, wosiya m'kamwa kafungo ka mwala umene wagwedwa mvula yoyamba. Timitengo tomweto tinagawirako a Blackson kudambo kuja. Vinyo wawo anamwa okha, ndipo ngakhale iwowo anamwa mwaulemu chabe. Ababa amati mpesa ndi mlendo, mwini vinyo ndi nthaka. A Blackson yankho limenelo silinawakwanire. Iwo ankati payenera kukhala kanthu kena.

Za nyanga zinabwera pambuyo, ine ndili kunja, kukoleji ku Kapa. Bulaza wandevu uja wa kumishoni, amene ankabwera kudzatenga vinyo wa Misa, anapita kwawo ku Ulaya kukapuma, n'kubwerako ndi nzeru yatsopano. Anati m'munda musathire kanthu kogula. Tengani nyanga za ng'ombe zazikazi, mudzazemo ndowe, muzikwirire mvula ikatha, muzifukule kukayamba kutentha, zam'katimo muzitakase m'madzi n'kuwaza m'mizere. Zakuti mpesa amadulira mwezi ukamatha anapeza ababa akuzidziwa kale, ndipo akuluakulu awiriwo anakondana ngati ana a mimba imodzi. Motero ufiti wa banja lathu unabwera pa sitima ya pamadzi, utavala mkanjo ndi korona m'khosi. Bulazayo anamwalira chaka chatha, ndipo akufa sachitira umboni.

Ntchito yodzaza nyanga inali yako. Achemwali ankati zala zako n'zoonda, zimafika mpaka kunsonga. Wokumba dzenje unali iwe, wokwirira iwe, ndipo chaka ndi chaka unkasintha malo. Chaka chino tonsefe sitinkadziwa n'komwe pamene unazikwirira. Panalibe chifukwa chofunsira.

Ndiye kunabwera anyamata a mchape aja ochokera cha ku Mulanje, ovala bwino kuposa aphunzitsi, ndi kalilole wawo ndi mankhwala ofiira m'mabotolo, akuti adzatsuke ufiti m'dziko lonse. Zimene zinachitika pabwalo unaziona ndi maso ako, koma unaziona uli kutsogolo. Lola ndikuuze mmene zinkaonekera kumbuyo.

Tinandanda, amuna mzere wawo, akazi wawo, tikudutsa kumbuyo kwa mnyamata wa kalilole. Utafika iwe anakuimitsa, n'kunena kuti kwanu kuli chinthu chokwiriridwa. Ulosi umenewu sungaphonye, pakuti ndi nyumba iti imene ilibe chokwiriridwa? Ngakhale mchombo wa mwana. Ena onse amene anauzidwa zomwezo anapereka kenakake, uyu kachithumwa ka m'chiuno, uyo kanyanga ka gwape kosungiramo fodya, n'kumwa mchape wawo n'kumapita kukalima.

Iwe unayang'ana kumene kunaima akapitawo aakulu, bambo ake a Joan, atapinda manja pachifuwa. Ndinakuona ukuyang'ana. Ndinadzamva pambuyo pake kuti anali atakuuza kale kuti mwana wawo sangakwatiwe ndi munthu wa m'banja limene mphesa zake zimatsekemera pamene za anansi zikuwawasa. Ndipo unalankhula momveka, ngati ukuwerenga Mawu m'tchalitchi:

"Si ine ayi. Ndipatseni khasu, ndikakuonetseni."

Sunasochere, Goodson. Unayenda molunjika ngati munthu wopita kuchimbudzi cha pakwawo, khamu lonse pambuyo pako, kupondaponda mizere imene achemwali anali atangoidulira kumene. Unakumba kumtunda, pafupi ndi mpesa woyamba uja umene amayi anabzala. Nyanga zitayamba kutuluka, anthu anabwerera m'mbuyo. Atakufunsa kuti n'za yani, unati munda uno mwini wake ndi achemwali.

Sunaname. Chimene chimandipweteka n'chomwecho. Munda ndi wa achemwali monga mwa mwambo wathu, nyangazo zinalipodi, ndipo zinali zokwiriridwa. Mawu ako onse anali oona. Unangosiyapo liwu limodzi lokha, lakuti ndowe.

Apa mpamene mkulu wako wophunzira anaimirira kuti apulumutse banja. Ndinakonza kukhosi n'kuyamba kufotokoza za nthaka, za tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timadyetsa mizu. Nditangotchula zosaoneka ndi maso, mayi wina kumbuyo anauza anzake kuti mwamva, wavomera yekha. Ndiye ndinatola nyanga imodzi n'kuigogoda pamwala kuti aone okha ndoweyo. Koma iwe ukudziwa zimene miyezi ya pansi pa nthaka imachita. Chinatuluka chinthu chakuda bii, chofewa, chonunkhira ngati pansi pa mitengo m'nkhalango. Mnyamata wa kalilole anachinunkhiza, anapatsa ena kuti anunkhize, kenaka anandifunsa mofatsa ndithu:

"Aphunzitsi, ndowe yanji yosanunkha?"

M'mabuku onse a ku Kapa munalibe yankho limene likanamveka pamalo pamenepo. Ndinacheuka kukufuna, chifukwa manja amene anaikamo ndoweyo ikadali yaiwisi anali ako. Unali ukuyang'ana khasu.

Za masiku otsatira sunazione, unali kale pasitima. Nyanga zathu anakaziunjika pamphambano ya njira ya ku Masambanjati, pamodzi ndi zithumwa za dziko lonse, ndipo zathu ndizo zazikulu, moti alendo amaima n'kufunsa kuti n'za kwa yani. Tatchuka, mng'ono wanga. Achemwali anawamwetsa mchape pamaso pa anthu. Sanafe, sanadwale, ndipo anthu agamula kuti ndiye kuti ufiti wawo ndi wokhwima. Akanafa akanatsukidwa. Akapita kuchitsime, amayi anzawo amaima patali ndi mitsuko yawo mpaka iwo atachoka. Amayi omwewo ndi amene ankabwera chaka ndi chaka kudzatithandiza kuthyola mphesa, akuimba nyimbo za Chilomwe n'kumadya zambiri kuposa zimene ankaika m'dengu.

Mizere ya kumunsi inadulidwa ndi zikwanje dzuwa likuswa mtengo, pambali pa njira imene anthu onse othyola tiyi amadutsa, ndipo palibe anaona. Zatsala zitsa.

Ansembe atsopano a kumishoni anatumiza mawu aulemu kwambiri. Ati iwo zaufiti sazikhulupirira m'pang'ono pomwe, koma pofuna mtendere wa Akhristu awo, vinyo wa Misa aziitanitsa ku Beira. Vinyo wa ku Beira ndamulawa. Ngati Akhristuwo akufuna chilango cha machimo awo, achipeza.

Mwina ungakonde kudziwa za Joan. Akukwatiwa ndi telala wa pa Masambanjati, wa mwendo umodzi waufupi uja. Akapitawo anauza ankhoswe kuti mnyamata wofukula abale ake adzafukulanso apongozi. Pa zaka zonse zimene ndawadziwa, apa mpamene ndinawapatsa ulemu koyamba.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera. Bwana watsopano wa esiteti anandiitanitsa kuofesi. Mpando unalipo, koma unali wotanganidwa kusunga chipewa chake. Nayenso ati zaufiti sazikhulupirira. Ndazindikira kuti osakhulupirira ufiti ndiwo akupindula nawo kwambiri chaka chino. Ati anthu ake akukana kudutsa njira ya pambali pa munda wathu, akuzungulira kutali, akufika mochedwa pantchito. Ati phokosoli likapanda kutha pofika nthawi yokumba mayenje, mvula isanagwe, azula mpesa wonse abzalepo tiyi. Ndinamukumbutsa kuti ntchito yathu ya thangata, yolipirira malo ano, sitinajombepo, ndiponso kuti mzungu woyamba uja anati pano tiyi sangamere. Iye anati sayansi yapita patsogolo. Zoonadi yapita: yazindikira kuti tiyi amamera ndi pamiyala pomwe, bola wina akhale atayamba waisalaza kwa zaka makumi atatu.

Ndinapita kwa akuluakulu a mudzi ndi a mpingo kukafunsa chimene chingathetse nkhaniyi. Yankho lawo ndi limodzi. Mwana wa m'nyumba ndiye anaulula, mwana yemweyo adzabweze. Ati ubwere, uime pabwalo pomwe paja masana, utenge nyanga yatsopano ndi ndowe ya m'khola, udzaze ndi manja ako monga unkachitira, unene pakamwa pako kuti m'zinazo munalinso zomwezo. Ndinati ndidzaze ine. Anaseka. Ati amene anaphunzira kunja angathe kudzaza chilichonse.

Choncho bwera, Goodson, mwezi wa Okutobala usanathe. Kupepesa usiye komweko, ndi katundu wolemera, angakuvute pokwera sitima. Ungobwera ndi zala zako zoondazo. Anthu adzakuseka tsiku limodzi, ndipo ine ndidzawathandiza. Koma mpesa wa kumtunda wayamba kuphukira, ndipo sukudziwa kanthu za zonsezi.

Enanso osadziwa kanthu ndi ababa. Paja nthawi ya mchape anali ku Khonjeni kwa azakhali a Magdalena, kukayesa mankhwala a maso amene sanathandize. Chibwerereni sitinawauze. Amayesa unapita kukafuna ntchito ngati anyamata ena onse. Amadabwa kuti alendo anasiya kubwera pakhonde, ndipo ine ndimati anthu atanganidwa.

Dzulo anamva kutentha pankhope n'kunena kuti nthawi yofukula nyanga yakwana. Achemwali anadzuka n'kupita kuseri, ati akaone mbuzi. Ababa anatembenukira kumene kunali mawu anga.

"Musakumbe chisawawa, mungadule mizu. Dikirani Goodson, ndiye akudziwa pamene zili."

Ndinati inde ababa, akudziwa.

Kenaka anati ndiwagwire dzanja akayendere munda, amve mmene waphukira. Ndinawatenga. Ndinawayendetsa m'mizere ya kumtunda, iwo akusisita masamba anthete ndi zala, akutchula mpesa uliwonse ngati mdzukulu. Titafika pamene payambira zitsa, ndinawatembenuza pang'onopang'ono n'kuwalowetsanso m'mizere yomwe ija, ndikuwauza kuti tsopano tatsikira kumunsi. Anayenda nane mpaka kumapeto. Koma ulendo wachiwiriwo sanakhudzenso masamba.

Ndaseka m'kalata monsemu chifukwa ndi ntchito yokhayo imene ndimaitha. Kunamiza ababa sindikuzolowera. Kudana nawe ndimayesa m'mawa uliwonse, koma pofika masana ndimapezeka ndikuyang'ana kunjira ya ku Khonjeni.

Achemwali ndawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembere. Anati ndikuuze kuti uzifunda, kumeneko amati kumazizira.

Upereke moni kwa amalume a Lackson ndi akumpanda awo, ndi kwa onse a kwathu amene ungakumane nawo. Mulungu amene anasunga timitengo tija panjira yonse yochokera kwa Apwitikizi akusunge nawenso, ndipo akuonetse pokwerera sitima.

Ndine mkulu wako,
Dixon.