Bambo amagona m'galimoto injini ikulira

Aphungu,

Ndine mnyamata wa zaka 16, ndimakhala ndi bambo anga awiriwiri. Kusukulu ndimapita pa sitima, madzulo bambo amadzanditenga pa siteshoni. Amadzuka mbandakucha kukakama ng'ombe za abwana awo, ndiye akafika pa siteshonipo amatseka mawindo a galimoto n'kugona, injini ikulira kuti m'galimoto muzitentha.

Lachiwiri sitima inachedwa maola awiri chifukwa cha chipale chofewa chimene chimagwa kuno nyengo yozizira. Nditatsika ndinapeza chipalecho chitaunjikana kumbuyo kwa galimoto mpaka kukwirira ekizozi. Ndinagogoda kasanu asanadzuke. Anagwira mutu n'kunena kuti, "Ukugogoda ngati wapolisi bwanji? Lowa msanga, ukulowetsa mphepo."

Nditawauza za ekizozi anati, "Galimoto iyi ndi mkulu wako, inabwera iwe usanabadwe. Ikanafuna kundipha ikanandipha kale."

Kusukulu tinaphunzira kuti utsi umene umapha sununkha. Koma ndikawavutitsa adzati ndizikwera basi, ndipo mphindi 20 za m'galimotozo ndi nthawi yokhayo imene timakhala limodzi tonse tili maso. Sitiyankhula, timangomvera wailesi. Nditani?

R.K., Nayoro

Iwe R.K.,

Mutu umene bambo ako anagwirawo sunali wa tulo. Ekizozi ikakwiririka utsi umabwerera m'galimoto, ndipo wogona samva kanthu, amangopitiriza kugona. Kutsegula windo pang'ono sikokwanira.

Za msinkhu wa galimoto usatsutsane nawo, uluza. Sitima ikachedwa uziwaimbira foni asananyamuke, tulo tawoto agonere pakhomo. Ika fosholo ndi bulangete lochindikala pampando wakutsogolo, osati m'buti momwe angaziiwale. Akamadikira azizimitsa injini n'kufunda, apo ayi azilowa m'siteshoni, mbaula ilimo. Chipale chikamagwa, asanalize injini azifukula kaye kumbuyo kwa galimoto, pa ekizozipo.

Uwauzenso zimene wandiuza inezi, makamaka za mphindi 20 zija. Amuna ngati bambo ako nkhani ya utsi amaiseka, koma akamva iyi akhoza kutsitsa wailesi. Akakanabe, uza abale awo kapena abwana awowo.

Ukadzawapeza sakudzuka, tsegula zitseko zonse, zimitsa injini, uwakokere panja, uimbire ambulansi. Ngakhale atatsitsimuka apitebe kuchipatala.

Chenjera, usatseke pakamwa chifukwa choopa kukwera basi. Akakwiya n'kunena kuti uzikwera, kwera. Bambo wokwiyayo uzikamupeza kunyumba ali moyo.

Aphungu