Foni yanga inaulula maliro m'galimoto, apongozi ali kumbuyo

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 41. Ndimakhala chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Malita, m'mudzi wina kuseri kwa msika wa Limbuli, ndipo tili ndi ana atatu. Chaka chatha ndinasiya ntchito yoyeza masamba pa sikelo ku esiteti ya tiyi, n'kugula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito yochokera ku Japan, ya mipando isanu ndi iwiri. Ndimanyamula anthu pakati pa Limbuli ndi Chitakale. Vuto langa linayamba ngati la foni ndi galimoto chabe, koma pano lalowa mpaka m'nyumba.

Galimotoyi ili ndi sikirini pamalo pa wailesi, ndipo zolemba zake zonse n'za Chijapani. Ndikaliza injini m'mawa mumamveka mawu a mzimayi akulankhula chakwawo, moti anzanga pa siteji amandiseka kuti ndinakwatira mitala. Mapu ake amaonetsa kuti ndili pakati pa madzi pamene ndaima pafumbi la Limbuli. Wailesi imagwira masiteshoni awiri okha. Anzanga amaliza nyimbo za m'foni zawo pa masipika a galimoto kudzera pa bulutufu, ndipo munthu akawayimbira amayankha manja ali pa chiwongolero. Ine ndinkasirira kwabasi. Miyezi itatu ndinalimbana nacho chinthuchi. Foni inkaona dzina la galimoto, ndikadina inkazungulirazungulira kenako n'kukana. Ndinagula mawaya awiri, onse ankangotchaja basi.

Lachitatu lina masana ndinapita kwa a Morris, amene amakonza mafoni ndi mawailesi pa msika. Anadinadina pafupifupi ola lathunthu, kufufuta izi, kulowetsa izo. Titayesa kuliza nyimbo, zinkamvekabe pa foni osati pa masipika. Iwo anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Achimwene, chakanika ichi, n'chakalekale. Mungogula wailesi ina." Ndinabwerera kunyumba ndikudziwa kuti palibe chimene chatheka.

Sabata imeneyo mlamu wanga Golden, mlongo wake wa Malita, anali m'chipatala ku boma. Iyeyu ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula, ndipo anagwidwa ndi chibayo. Malita ndiye ankadikirira matendawo. Lachinayi m'mawa ndikusamba, malume ake a Malita, a Thomson, amene ndiwo mwini mbumba, anandiyimbira kuti Golden watisiya. Anandituma kuti nditenge apongozi anga, mayi ake a Golden, ndipite nawo ku boma, koma ndingowauza kuti matenda akula.

Mwambo wake mukuudziwa, Aphungu. Kholo siliuzidwa imfa ya mwana wake pa foni kapena pamsewu. Limafika kaye pamene pali amayi anzake oti aligwire, ndiye wamkulu amatula uthengawo. Komanso apongozi angawa amadwala matenda othamanga magazi. Mng'ono wawo amene akanawaperekeza anali atalawirira kudimba, ndipo a Thomson anati tisachedwe. Choncho m'galimoto tinali awiri: ine kutsogolo, iwo kumpando wakumbuyo, monga amakhalira nthawi zonse chifukwa choti timaopana. Pamiyendo anali atanyamula fulasiki ya phala loti akamwetse wodwala.

Tsopano ndikuuzeni chimene sindinauzepo munthu. Tili pakati pa minda ya tiyi, masipika onse analira ndipo pa sikirini panabwera kachithunzi ka foni kobiriwira. Ndikuchita manyazi kulemba izi, koma mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Kwa kamphindi kameneko ndinaiwala Golden, ndinaiwala amene ndanyamula, ndinangoti chinthu chija chatheka. Sindinayang'ane n'komwe nambala. Ndinatambasula dzanja n'kudina.

Mawu a a Thomson anadzaza galimoto yonse. "Akamwini, mwanyamuka? Thupi talowetsa ku mochale, pano tikuyang'ana bokosi pa Chitakale. Achemwaliwo musawauze kanthu, mwamva?"

Ndinadina paliponse kuti ndidule, koma m'malo mwake ndinakweza mawu. Kenako ndinamva apongozi akufunsa motsitsa kuti, "Bambo a Stella, akuti thupi la ndani?" Ndisanayankhe anatsegula chitseko galimoto ikuyenda. Ndinaponda buleki, iwo n'kutsika n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, n'kuyamba kulira m'Chilomwe akutchula dzina la mwana wawo. Ine ndinangoima poteropo manja ali lende. Chikwatirire sindinawagwirepo ngakhale dzanja, ndiye ndikanayambira pati? Amayi othyola tiyi ndiwo anatula madengu awo n'kutsika kudzawagwira. Apongozi anakana kukweranso galimoto yanga, moti amayi awiri mwa iwo anawaperekeza pa minibasi.

Pamaliro anthu atandifunsa, ndinati galimoto inayankha yokha, ine sindinagwire kalikonse. Ndinabwereza mawuwa mpaka ndinayamba kuwakhulupirira. Ena akuti olakwa ndi a Thomson chifukwa cholankhula osafunsa kaye ngati ndili ndekha. A Thomson akuti, "Ine ndinayimbira foni ya munthu, sindinayimbire galimoto. Mkamwini ameneyu pali chimene akubisa." Pano iwo ndi achemwali awo sakulankhulana. Apongozi akandiona pabwalo amalowa m'nyumba. A Thomson aitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri kuti tikhale pansi Lamulungu la mawa, ndipo ndamva kuti akunena zoti ngati ndinachita mwadala ndibwerere kwathu ku Phalombe.

Chimene chikundipweteka koposa ndi Malita. Mwezi wonsewu wakhala akukangana ndi abale ake pondiikira kumbuyo. Dzana anauza malume ake maso ndi maso kuti, "Amuna anga sanama. Ndi chigalimotocho." Ndinamva ndili m'nyumba ndipo chakudya chinandikanika.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Choyamba, mundiuze kuti chinthuchi chinalumikizana bwanji pamene a Morris anati chakanika, ndiponso ndichite chiyani kuti zoterezi zisadzachitikenso, chifukwa pano ndimazimitsa foni ndikalowa m'galimoto ndipo makasitomala akundisowa. Chachiwiri, ndamva kuti zilipo galimoto zina zimene zimayankhadi zokha. Chonde mulembe zimenezo m'nyuzipepala kuti ndikaonetse pa bwalo la ankhoswe. Nyumba ndinamanga pano, ana anga ndi apano. Ndithandizeni.

B.T., Limbuli, Mulanje

A B.T.,

Pepani ndi imfa ya alamu anu. Ndiyamba ndi chosavutacho, chifukwa pa mavuto anu awiriwa la galimoto ndiye laling'ono.

A Morris sanalephere, anangosiyira panjira. Foni ikalumikizana ndi galimoto pamakhala njira ziwiri, ina ya nyimbo, ina ya kuyimbirana. Mawailesi amenewa amasunga mafoni ochepa, nthawi zambiri asanu, ndipo galimoto yochokera kunja imabwera malowo atadzaza kale ndi mafoni a eni ake akale. N'chifukwa chake yanu inkakanidwa miyezi yonseyo. A Morris atafufuta zakalezo, foni yanu inalowa. Nyimbo sizinamveke chifukwa sikirini inali idakali pa wailesi, panafunika kuisinthira ku bulutufu. Koma njira ya kuyimbirana inali itatseguka kale, ikungodikira munthu woyamba kuyimba.

Chitani izi. Imikani galimoto pamalo abwino n'kukoka handibuleki, poti zambiri mwa izi sizilola kusintha kanthu galimoto ikuyenda. Pezani foni ina imene ili ndi pulogalamu yomasulira zolemba kudzera pa kamera, muilozetse pa sikirini, muziwerenga Chijapanicho m'Chingerezi m'malo modina mwachimbulimbuli. Fufutani mafoni onse amene ali m'ndandanda wa galimoto, ndipo m'foni yanunso mufufute dzina la galimotoyo. Zimitsani zonse ziwiri, muyatsenso, mulumikize mwatsopano, ndipo muonetsetse kuti nambala imene yabwera pa sikirini ikufanana ndi ya pa foni musanavomereze. Ikakufunsani ngati itenge maina a anthu a m'foni mwanu, kanani. Mawaya anu aja musawadandaule, ambiri a pamsika ndi otchajira basi.

Chofunika kwambiri kwa inu ndi ichi. Pa foni yanu, pitani pa bulutufu, dinani pafupi ndi dzina la galimoto. Muona mabatani awiri, la nyimbo ndi la kuyimbirana. La nyimbo lisiyeni loyatsa, la kuyimbirana lizimitseni. Inu mumanyamula anthu tsiku lonse, ndipo woyimba sadziwa kuti akulankhula pamaso pa anthu asanu ndi mmodzi. Foni ikalira, imani pambali muyankhe ili pakhutu. Kwa owerenga amene amayankhira pa masipika, mawu oyamba asakhale moni. Yambani n'kunena kuti muli pa sipika ndipo muli ndi auje.

Tsopano pempho lanu lachiwiri. N'zoona kuti mawailesi ena atha kuikidwa kuti aziyankha okha. Koma yanu sinayankhe yokha, mwandiuza nokha kuti munadina. Ndiye umboni umene mukufunawo sindikupatsani. Ndikanakupatsani ndikanakhala ndikukuthandizani kunamiza mayi wofedwa.

Tamverani bwino. Kudina batani lija si mlandu wothamangitsira munthu pamudzi. Munalakwitsa monga mmene aliyense angalakwitsire atasangalala pa nthawi yolakwika, ndipo simunali nokha. A Thomson anafunika kufunsa kaye, ndipo banja silinayenere kutumiza mayi wodwala yekha ndi mkamwini amene sangathe ngakhale kumugwira paphewa. Mukanaulula tsiku lomwelo, bwenzi nkhaniyi itakwiriridwa limodzi ndi maliro. Chimene chakulitsa nkhani ndi bodza lanu. Lasenzetsa a Thomson mtolo wonse, ladanitsa munthu ndi mlongo wake pa nthawi imene amafunika kulirira limodzi, ndipo laika mkazi wanu kutsogolo kuti azimenya nkhondo imene inu mukudziwa kuti maziko ake ndi abodza. Madzi akatayika saoleka, koma enawa mukutayabe tsiku ndi tsiku.

Yambani ndi Malita, muli awiri, osati pa bwalo. Mumuuze monga mwandiuzira ine, ndi za chimwemwe chija zomwe, ngakhale n'zochititsa manyazi. Akwiya, ndipo ali ndi chifukwa. Musadziteteze, musatchule a Morris kapena Chijapani. Mukatero pitani kwa ankhoswe anu muwauze zoona, kuti asakaime pa bwalo kuteteza zimene zisanduke manyazi awo. Muwapemphe akuperekezeni kwa a Thomson Lamulungu lisanafike. Mwini mbumba amene mwamupepesa kunyumba kwake amafika pa bwalo ali wofewa kusiyana ndi amene wakugwirani bodza pagulu.

Kwa apongozi musapite nokha, ndipo musayembekeze kuti akhululuka chifukwa choti inu mwakonzeka. Mayiwa anamva za imfa ya mwana wawo ali okha pamsewu, n'kugwiridwa ndi anthu osawadziwa. Zimenezo sizichoka ndi mawu a tsiku limodzi. Tumizani kupepesa kwanu kudzera mwa ankhoswe ndi mng'ono wawo uja, kenako mupitirize kuchita zimene mkamwini amachita, kaya ndi kumunda kaya ndi kuchigayo, mosawerengera ngati akuyankhani moni. Galimoto yanu musawakakamize kukwera.

Sindingakulonjezeni kuti bwalo likakomera inu. Koma pa zaka zimene ndakhala ndikuyankha makalata ano, ndaona mabanja ambiri akukhululukira mkamwini wolakwitsa, ndipo ndi ochepa amene amasunga mkamwini amene am'gwira akunama pa nkhani ya maliro.

Chenjezo langa ndi lakuti nthawi mulibe. Maina onse a m'kalata yanu ndasintha, koma ku Limbuli kulibe madalaivala awiri amene apongozi awo anatsika m'galimoto n'kulirira m'munda wa tiyi. Nyuzipepala ino ifika pa siteji yanu Loweruka m'mawa, ndipo wina adzaiwerenga mokweza. Malita amve kwa inu lero.

Aphungu