Vesi la Malemu Bambo

Lachiwiri, 9 Disembala

Chisanu cholowa m'mafupa. M'sitolo mwanga makhadi a Khirisimasi atsala bokosi limodzi. A Chaka Chatsopano aja, a mbalame za kakowa ndi dzuwa lotuluka, angochita fumbi pa shelefu ya pansi; amagula ndi nkhalamba basi. Chimene anthu akulimbirana muno mu Daejeon ndi timakhadi ta mavesi. Mpingo uliwonse ukufuna take, toika m'dengu kuti pa mapemphero olowera chaka aliyense apise dzanja, atole vesi lake la chaka chonse. Ena amatolerako mwana amene ali ku usilikali, ena mwamuna wosapemphera.

Mayi Yeom, dikoni wa mpingo wa kuseri kwa msika, anditsina khutu: "Amwali, a mkwiyo wa Mulungu osatiikiramo ayi. Chaka chatha wina anatola la dzombe, mpaka lero sitinamuonenso." Ndiye ndimasankha onona okhaokha. Ine amene, magalasi pamphuno.

Lachisanu, 12 Disembala

Foni kuchokera kwa alamu, akazi a achimwene Deok-hwan. Achimwene agonekedwa m'chipatala. Chotupa m'mimba, opaleshoni Januwale akangoyamba.

Ine ndi achimwene sitinalankhulane chiyambire tsiku lija ndinakana kugwadira chithunzi cha bambo pa mwambo wokumbukira imfa yawo. Onse mphumi pansi, ine chilili. Mawu awo ndikuwamvabe: "Poti wapeza Atate ena, kwera basi uzipita kwa iwowo."

Ndikuopa kuti apita tisanayanjane.

Lachitatu, 17 Disembala

Sitolo yodzaza makhadi, loti n'kutumizira mchimwene wanga palibe. La mtanda, aziti ndabwera kudzawalalikira ali gone. La kakowa, aziti ndikuwanyengerera. Ndatumiza bokosi la manachesi. Alamu akuti adya, osafunsa n'komwe kuti achokera kuti.

Makina osindikizira akutafunanso mapepala. Msana kuwawa.

Lolemba, 22 Disembala

Alamu atulukira ku sitolo, nkhope yotopa. Akuti bambo wina wa pa bedi loyandikana anabweretseredwa dengu ndi a mpingo wake, anatola vesi, sabata isanathe anatulutsidwa. Achimwene anaonerera zonse mwakachetechete. Dzulo akuti: "Kamuuze mlongo wanga wamalonda uja abwere ndi dengu lake la maula."

Maula! Ndapsa mtima, mpaka ndabweza kasitomala chenje cholakwika. Alamu atapita ndalira kuseri kwa kauntala. Anati mlongo wanga.

Lamulungu, 28 Disembala

Ndapita ku chipatala titaweruka ku tchalitchi. Awonda, khosi ngati la nkhuku yosolola nthenga. Moni panalibe. Funso loyamba: "Oipa alimo angati umu?" Ndati mulibe, ndinasankha ndekha. Iwo: "Ndiye maula akuba amenewa. Wamaula wa pa msika amakuopsezako pang'ono kuti uone kuti walipira."

Apisabe dzanja. Latuluka lonena za kusaopa. Awerenga milomo ikugwedera, aliika m'thumba la malaya a chipatala.

Kenako apisanso. "Ili la bambo." Ndati akufa satoleredwa. Andiyang'ana monga ankachitira ndili kamtsikana: "Wa ku usilikali mumamutolera. Bambo angopitirira pang'ono pamenepo."

Latuluka lolonjeza masiku ambiri ndi ukalamba wabwino. Kwa munthu amene mafupa ake anayera kalekale! Aseka mpaka kugwira pamimba, nesi kusuzumira. Nanenso ndaseka, misozi chuchuchu. Atapuma andipanikiza khadilo m'manja: "Ukawapatse wekha. Ine phiri la ku manda lija ulendo uno sindikwera."

Lachinayi, 1 Januwale

Dengu la ku tchalitchi kwathu latha lonse, anthu kusangalala ngati mavesiwo agwa kumwamba. Langa sindinatole. La bambo lili m'chikwama. Abusa sindiwafunsa, yankho ndikulidziwa.

Lolemba, 5 Januwale

Opaleshoni lero. Wodikirira amalola mmodzi, ndiye alamu.

Sitolo ndatseka. Basi ya m'mawa ya ku Okcheon, kumene agona bambo, kenako phiri, nsapato zoterera. Manda ali mbuu ndi chipale chofewa. Mowa wa mpunga wothirira nsembe sindinatenge, lubani ayi. Ndawawerengera bambo vesi lawo mokweza, ndaliika pansi pa kamwala kuti mphepo isaulutse. Ndimati ndizitsika. Pakamwa pangotseguka pokha: "Bambo, Deok-hwan musamuitane. Ndangomupeza kumene. Mundisiyire."

Ine, kupempha kwa akufa. Mulungu aona yekha kuti achita nazo bwanji.

Ndikulemba m'basi, zilembo zokhotakhota. Foni yalira kawiri m'thumba la jasi, dzina la alamu. Ikuliranso. Ndiike cholembera pansi, ndiyankhe.