Batire la Tamanda Lithe Kaye

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko? Ife ku Kabwata tilipo. Lero Lachinayi, miyezi khumi ndi inayi ndi masiku asanu chikuikireni. Esnati anabereka mwana wamkazi ku Chelstone, tamutcha dzina lanu. Munda wa ku Lilayi watipatsa matumba asanu ndi limodzi ndi theka. Chaka chatha anali asanu ndi anayi.

Koma mtima wanga suli m'malo. Mdzukulu wanu Tamanda alemba mayeso Lolemba likudzali, pepala la maola atatu, ndipo makina ake aja olembera anthu osaona, a timadontho totukuka pansi pa zala, ayamba bodza. Amanena kuti batire lili pa theka, kenako n'kuzima. Lachisanu anazima mwana ali pakati polemba, ndime ziwiri zinapita. Sanalire, anangopinda manja.

Wokonza wa ku Emmasdale anati tiwasiye aziwerenga mokweza mpaka batire lithe, tiwatchaje adzaze, kenako lithenso ife tikuwerenga maola. Lamulo ndi limodzi: osalumikiza pakati.

Amayi, mlanduwu ndi wanunso pang'ono. Munkati, "M'nyumba mwanga chinthu sichithera pansi," kaya mchere, kaya kandulo. Ndiye masiku ano malaiti akangobwera, aliyense amathamangira ku soketi. Lolemba ndinayamba 7 koloko m'mawa, ndinalemba m'kope. Nthawi ya 11:20 malaiti anabwera, anansi anafuula, manja anga anapita okha: foni, tochi, wailesi, ndi makinawo. Maola anayi ndi mphindi makumi awiri, pachabe. Lachiwiri ndinamata pepala pa soketi. Bambo ake a Tamanda atabwera masana analiwerenga atalumikiza kale makinawo. Sindinawalankhule mpaka m'mawa mwake. Tamanda anangofunsa ngati m'nyumba muno wosaona ndi iye yekha.

Dzulo tchaja ndinaikulunga m'chitenje chanu chobiriwira, n'kuikhomera m'sutikesi yanu, kiyi n'kumupatsa Tamanda. Batire linatha 3:50 masana, iye mwini n'kutchaja mpaka kudzaza.

Lero ndiye muyeso weniweni. Tinayamba 6 koloko. Pano ndi 10:15, makina akuwerengabe, maola atatu aja tawadutsa. Koma malaiti abwera tsopano lino, ndipo kalatayi ndikulemba kuti manja akhale ndi chochita.

Ndikhululukireni, chimodzi chokhachi chithere pansi. Loweruka ndidzabwera kudzalimira pamanda panu, kope lili m'manja, ndidzakuuzani ola ndi mphindi imene batire linathera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Fostina