Ndadula chitenje chanu chabuluu

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno akuluakulu a boma atiuza pa wailesi kuti mliri wa korona susankha, watipweteka tonse mofanana. Ndalemba monga momwe ananenera, kuti musati ndawonjezera zanga.

Chichokereni inu, mlamu wanga wabereka mwana wamkazi, wa mphumi ngati yanu. Chinangwa cha m'munda mwanu tazula, ndipo chachita bwino kuposa chaka chatha. Sukulu anatseka, ndiye ine mphunzitsi ndimangokhala pakhonde kuyang'anira nkhuku. Nazonso sizindimvera.

Koma nkhani ndi ya mng'ono wanga Wezi. Pogawa katundu wanu, azakhali anampatsa iye makina osokera, ine n'kundipatsa chitenje chanu chabuluu chija cha nsomba zoyera, chimene munkavala ku maukwati. Ndinakondwa, poti makinawo anali adzimbiri. Mliri utafika, Wezi anawathira mafuta n'kuyamba kusoka masiki. Lero onyamula katundu padoko, amayi ogulitsa usipa, makondakitala a minibasi za ku Mzuzu, onse mphuno zawo zili m'manja mwa Wezi.

Munkakonda kunena kuti, "Eluby ndi wa cholembera, Wezi ndi wa singano." Ndinkayesa mukunditama. Masiku ano nthawi yoganiza ndili nayo yambiri, ndipo ndaona kuti zaka zinayi zimene ndinali ku sekondale yogonera komweko, iye anali pambali panu kukulowetserani ulusi. Munanditumiza kutali n'kutsala ndi amene munkafuna kukhala naye. Ngati ndikunama, mundiuze kumaloto.

Ndinayesa kusoka masiki yanga pamanja, ndi malaya akale. Bambo a kunyumba amaivala mwaulemu potuluka pakhomo. Akafika pokhota, pamtengo wa mango paja, amaivula n'kutulutsa ya Wezi m'thumba. Ndinawaona ndekha, kawiri. Sindinawafunse.

Kenako Wezi anabwera kudzapempha chitenje chija, ati chikungodyedwa ndi njenjete m'sutikesi. Ndinamuuza kuti njenjetezo ndi zanga. Atangochoka ndinachiyala pamphasa, ndinatenga sizasi, kuti tawuni ino ione kuti munabereka ana aakazi awiri. Munkati, "Yeza kawiri, sizasi sabweza." Mawuwa ndinawakumbukira nditamaliza. Zidutswa zina zikaphimba pakamwa mphuno inali panja, zina zinali zosakwana ndi mwana yemwe. Nsomba zonse ndinazidula mitu.

Ndinakhala nazo masiku atatu, kenako ndinaziika mu jumbo n'kupita nazo kwa Wezi. Akanaseka bwenzi zili bwino, ndikanapeza pokwiyira. Anangoziyala pamiyendo, n'kuzitembenuza monga munkachitira inu, mlomo wam'munsi atauluma. Anangoti, "Akulu, khalani pansi." Analumikiza chidutswa ndi chidutswa mpaka nsomba iliyonse inapezanso mutu wake. Panatuluka masiki atatu. Imodzi anandimanga yekha kumaso, ndipo inandikwana bwino lomwe.

Dzulo ndinaivala popita kumsika. Mnzanu uja NyaMhone, wogulitsa nthochi, anaizindikira nsaluyo ndili patali. Anagwetsa misozi, n'kuuza anzake kuti manja a NyaChirwa, kunena inu, akadali moyo. Sanayang'ane anga. Ndinagula nthochi zimene sindinkazifuna n'kubwerera.

Pepani chifukwa cha chitenje chanu, Amayi. Nsanjeyi sindipepesa, chifukwa sinathe. Koma ndikulonjeza kuti Lolemba ndikakhala pamphasa kwa Wezi, andiphunzitse kupalasa makinawo, ngakhale ndinamubereka kumbuyo ali khanda. Akandidzudzula ndipirira, kupatula akayamba kulankhula ndi mawu anu.

Mupereke moni kwa Adada. Ndimakukondani, ngakhale munasankha.

Ine mwana wanu woyamba,
Eluby

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Pamsika tsopano Wezi akumuitana NyaChirwa, dzina lanu. Ine akundiitanabe aphunzitsi.