Mbewu ya mkate wanu yabwerera kunyumba

Amayi, kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga.

Ndiyambe ndi zokoma. Mng'ono wanga Asiyatu wachira mwezi watha, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Watenga mphuno yanu ndi ukali womwe. Akafuna bere sapempha kawiri. Mpunga chaka chino sunachite bwino chifukwa nyanja inakwera n'kumiza munda wakumunsi, koma chinangwa chatipulumutsa. Mbuzi yanu yamawanga ija sinasiyebe kulowa m'makhitchini a eni.

Tsopano nkhani imene yandigwiritsa cholembera. Amayi aang'ono, a Mwajuma, sakundiyankhula. Anakandinenera kwa amalume kuti ndikugulitsa dzina lanu kwa alendo. Akuti ndikapanda kufufuta zimene ndinalemba isanafike sadaka yanu ya chaka chino, sadzapondanso pakhomo pano. Ndati ndikufotokozereni ndekha kuyambira pachiyambi.

Mutatisiya, ndinatsegula tsamba pa intaneti, achinyamata amati bulogu. Lili ngati bolodi ya m'kalasi mwanga, kungoti owerenga ake sali pamaso panga: ena ali ku Lilongwe, ena ku Joni. Loweruka lililonse ndimaphika chakudya chimodzi cha kwathu kuno, ndimachijambula ndi foni dzuwa lisanakwere, n'kulemba kaphikidwe kake. Futali wa chinangwa, usipa wotendera, zitumbuwa. Miyezi yoyamba ankawerenga ndi Asiyatu yekha, nayenso chifukwa chondimvera chisoni. Ndinapirira, ndipo aliyense wofunsa funso ndinkamuyankha ngati mlendo amene wafika pakhonde. Pano owerenga achuluka moti ogulitsa mpunga ndi mbaula amandilipira kuti ndiike uthenga wawo m'mbali mwa tsambalo. Malata a pakhitchini yanu, aja ankadontha pa mafuwa penipeni, ndasintha ndi ndalama imeneyo.

Koma chimene chinabweretsa anthu ambiri ndi nkhani ya manyazi athu. Mukukumbukira kamphika ka chotupitsira mkate wa mpunga, kamene munkati mbewu? Munakalandira kwa agogo, ndipo pakapita masiku awiri munkakadyetsa ufa wa mpunga ndi madzi ofunda. Lamulo linali loti mbewuyo isatuluke m'banja, chifukwa ndi imene inkachititsa kuti pa ukwati ndi pa sadaka anthu aziitana inu ndi a Mwajuma, osati ena. Amayi, tinaipha. Masiku a maliro anu aliyense ankaganiza kuti mnzake waidyetsa. Pamene ndinavundukula kamphikako, munali chuku chokhachokha.

Pa sadaka ya masiku makumi anayi tinayesa yisiti ya m'sitolo. Mkate unatuluka wolimba, wopanda kafungo kowawasa kaja. Anthu anadya mwaulemu chabe. A Mwajuma anakalirira kuseri kwa nkhokwe.

Patapita nthawi ndinalemba zonsezi patsamba langa, pamodzi ndi kaphikidwe konse: kuviika mpunga, kusinja, makala pansi ndi pamwamba pa chivundikiro. Ndinati popeza mbewu yafa, nzeru yokha isafe nayo. Anthu anatumizirana nkhaniyo m'mafoni mpaka inafika kumene sindinkayembekeza.

Tsiku lina masana kabaza anatsitsa mayi wachikulire pakhomo pano, atafukata kanthu m'chitenje. Anati ndi a Nabanda, achokera ku Nkhunga, ndipo mwana wawo ndi amene anawawerengera nkhani ija. Anandiuza kuti kale ankachita lendi kuseri kwa msika, amuna awo atawathawa n'kuwasiyira ana atatu. Inu munawapatsa mbewu m'kapu, mutaibisa pansi pa ndiwo, munawaphunzitsa kuphika kuti azigulitsa, n'kuwapempha kuti asauze mng'ono wanu. Zaka zonsezi akhala akuidyetsa. Atavundukula, Amayi, khonde lonse linamveka fungo la m'manja mwanu. Ndinakhala pansi pomwepo.

Ndiye inu munali wotero! Lamulo munkalinena mokweza, koma kumbali munkachita zanu. Pano ndamvetsa chifukwa chake munkakonda kunena kuti, “Ukapalitsa mnzako moto, wako ukazima uli ndi kokapala.” Ine ndinkayesa mukunena za makala.

A Mwajuma sindikuwada. Ndikudziwa chimene akuopa: akuti aliyense akadziwa, iwo adzaitanidwanso ndi ndani? Mantha amenewo ndi oona, ndipo ndauza amalume kuti aliyense wofuna mkate kudzera patsamba langa ndizimutumiza kwa a Mwajuma, chifukwa moto wa pachivundikiro palibe amene amaudziwa ngati iwo. Koma kufufuta sindifufuta. Chimene tinabisa chinafera m'manja mwathu, tonse tili pomwepo. Chimene munapereka kwa mlendo ndicho chabwerera. Amalume anandikalipira kuti sukulu yandikuza mtima. Ndinagwada, ndinamva mawu awo mpaka kumapeto, ndipo ndinawayankha kuti ngati pali mlandu, woyamba kuupalamula ndi mlongo wawo, inuyo Amayi.

Dzana ndinaphika mkate woyamba ndi mbewu yobwererayo. Unatupa mpaka kukankha chivundikiro. Ndinadula pakati, theka ndinakasiya pakhonde pa a Mwajuma. Dzulo m'mawa ndinapeza mbale yanga pakhomo, yotsuka bwino, yopanda mawu. Koma siinabwere ndi mkate.

Sindikudziwa ngati adzabwera pa sadaka. Mkeka wawo ndidzayala pamalo pake, pafupi ndi moto. Ndipo ndikukulonjezani ichi: tsiku limenelo, pemphero la duwa likatha, ndidzaika kamphika kanu poyera, ndipo aliyense wobwera ndi kapu adzapita ndi mbewu. Inu munkabisa pansi pa ndiwo, ine ndidzapereka anthu akuona.

Allah akuwalitsireni manda anu. Ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Zainabu