Nsomba Yopanda Mutu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku boda tili bwino, mwendo wa amayi wasiya kutupa.

Makina munatumiza aja ayamba ntchito. Ndimacheka mnofu wa chambo, kuchotsa minga, kuika m'pepala lapulasitiki, makinawo n'kuyamwa mpweya wonse n'kumata, basi mufiriji.

Koma Loweruka mayi wina wa ku Chipata anatembenuza paketi n'kufunsa, "Nsomba yopanda mutu? Bambo akunyumba ndikawauza chiyani?" Anapita osagula. Inetu mituyo ndinkangogawira aneba! Tsopano ndikuimata payokha, ndipo ndiyo ikuyamba kutha.

Chonde tumizani mapepala ena. Mutu waukulu ndakusungirani pansi penipeni mufiriji. Mubwere Khirisimasi ino, amayi akufuna adzakuoneni mukuudya.

Mulungu akusungeni.

Mlongo wanu,
Esinati